Injini zitatu m'shedi ya a Saidi

Lolemba lapitali ndinali pakhonde, ndikulimbana ndi nsapato yanga yomwe inamatuka kuphazi, foni n'kulira. Nambala yake yachilendo.

"Ndikulankhula ndi aphunzitsi aja a sayansi?"

"Ndi ineyo, koma choko ndinasiya kalekale."

"Masamu nawo munasiya?"

"Amenewo akadalimo pang'ono."

"Ndine Saidi wa ku Liwaladzi. Munaphunzitsa mwana wanga Amina. Kuno ndili ndi ndege imodzi, injini zitatu. Ndikufuna munthu woti tiwerengere limodzi, ndidziwe yoikapo."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke.

Ndisakunamizeni, awerengi. Ndinavomera kupita chifukwa ndinaona kuti nkhani ya sabata ino yadzibweretsa yokha. Ndimati ndikaone mdala wopenga ndi malata ake, ndibwere ndikusekeseni. Panalinso chifukwa china chimene ndinachizindikira ndili kale m'minibasi. Chipumireni ntchito, palibe munthu amene wandifunsapo funso la sayansi. Amandifunsa za maliro, za msonkhano wa kutchalitchi, nthawi zina kuti ndiwalembere kalata. Kalikyuleta yanga ndinaipeza pansi pa sutikesi, batire litachita dzimbiri.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera pa Chia, kudutsa pa boma, n'kukatsika pa Liwaladzi dzuwa litakwera kale. Wakabaza amene ananditenga anali bambo wa imvi zake, ndipo nditatchula kumene ndikupita anatembenuka kundiyang'ana.

"Kwa a Saidi a ndege? Tikiti mwagula kale?"

Anaseka mpaka njinga kugwedera. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti anthu ena amati ya m'shediyo ndi yophimba anthu m'maso, yeniyeni ndi lichero. Ananditsitsa pamphepete pa munda wa chinangwa, n'kundilozera nyumbayo ndi mlomo. Pabwalo sanafike.

A Saidi ndinawapeza atakhala pa chitini chogadabuza. Ndi munthu wowonda, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, ndipo kofiya yawo yoyera inali ndi chidindo cha chala cha girisi. Anagwira ntchito ya umakaniki ku esiteti ya nzimbe mpaka kupuma. Zaka zingapo ankatumizidwa ku kabwalo kotera ndege zopopera mankhwala m'minda, kukathira mafuta ndi kutsuka. Ndi kumeneko kumene matenda okonda ndegewa anawagwira. Koma chibadwire, munthuyu sanakwerepo ndege.

Atatsegula shedi, nthabwala zonse zimene ndinakonza m'njira zinandithawa.

Sanali malata ayi. Inali ndege ya mpando umodzi, thupi lake la mapaipi opyapyala owotcherera mwaukhondo, mapiko a timatabwa tosema okutidwa ndi nsalu yokoka bwino n'kupaka penti yoyera. Pulopela, chipalaso chija chimazungulira kutsogolo, anachisema okha pomata matabwa a mlombwa. Mapulani anawasindikizira Amina kuchokera pa intaneti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, poganiza kuti bambo ake angowerenga n'kusiya.

"Kuwotchereraku si ine," anatero a Saidi akusisita paipi. "Ndi a Banda, mnzanga wa ku esiteti. Anatisiya dzinja lathali."

Ndinafunsa za mayi a pakhomo. Anati anapita ku Lilongwe kwa Amina kukaonana ndi madokotala, ndipo anachira, koma akuti abwerera tsiku limene chinthuchi chidzachoke pabwalo pawo. Anayankha ngati akunena za mtengo wa mpunga, n'kupita kukavundukula masaka pakona.

Injini yeniyeni ya ndege zazing'ono zotere ilipo, imagulidwa kunja, ndipo mtengo wake ungamange nyumba yamalata. A Saidi anaiwalako kalekale. Zimene ali nazo ndi zimene Nkhotakota ingapereke.

Yoyamba inali ya boti, ija asodzi amamangirira kumbuyo. Ndi yopepuka, mphamvu ilinso nayo. Koma imazizira ndi madzi amene imayamwa yokha m'nyanja.

"Kumwamba kulibe nyanja, aphunzitsi."

Kuti igwire ntchito pafunika rediyeta, pampu, mapaipi ndi madzi omwe, ndipo tikaphatikiza zonsezo kupepuka kuja kwatha. Komanso paliponse polumikiza paipi ndi malo odikira kudontha. Tinagwirizana msanga kuti imeneyo ibwerere kwa asodzi.

Yachiwiri inali ya njinga yamoto yaikulu, ndipo ndi imene inali yomangidwa kale pandegepo. Imazungulira mothamanga kwambiri, choncho anaiikira lamba wochepetsa liwiro asanafike ku pulopela. Ili ndi sitata. Ukangodina batani, yalira.

Yachitatu inali pansi, pa matayala akutha. Ya galimoto zakale zija zooneka ngati kamba, za injini kumbuyo. Ndi yolemera. Koma sifuna madzi, imazizira ndi mphepo, ndipo imazungulira mofatsa moti pulopela ungaimange pomwepo popanda lamba.

Mwina mukufunsa kuti munthu wa ku Liwaladzi angadziwe bwanji mphamvu ya injini popanda makina a ku yunivesite. Inenso ndinafunsa. Ananditengera kuseri. Mchira wa ndege amaumanga chingwe ku mtengo wa mango, ndipo pakati pa chingwecho amakolekapo sikelo yopachika, yomweyi amayezera mpunga ogula. Injini ikalira, ndege imafuna kupita, chingwe chimakoka, sikelo n'kunena makilo. Ine ndaphunzitsa za mphamvu zaka makumi atatu, ndikujambula mivi pabolodi. Sikelo ya mpunga sinandibwererepo m'mutu.

Tinaitulutsa ndegeyo awiri, n'kuimanga. A Saidi anakwera, kudina batani, ine ndikuwerenga sikelo. Phokoso linali lokwana, nkhuku zonse kubalalika. Muvi unafika pa makilo 48 n'kuima pomwepo, kunjenjemera.

Atazimitsa anandipatsa kope lawo la zikuto zakuda ndi mafuta. Munali kulemera kwa chilichonse, kuyambira mapiko mpaka iwo eni atavala nsapato. Pa tsamba lina panali zolemba za dzanja lina, zilembo zikuluzikulu zopendekeka: ya galimoto, 115.

"Amenewo ndi a Banda. Tinaiyesa kamodzi, asanadwale."

Ndinakhala pa chitini chija n'kuyamba kuwerengera. Ine si injiniya wa ndege, ndipo ndinawauza zimenezo kawiri. Koma masamu ake sanali obisika. Ndi injini ya njinga, ndege ndi munthu wake zikulemera makilo 220, chokoka n'kukhala 48. Ndi ya galimoto kulemera kukukwera ndi makilo makumi atatu ndi mphambu, koma chokoka chikuposa kuwirikiza kawiri. Mphuno ilemera, inde, koma mpando ukhoza kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ndinabwereza katatu, poopa kuti ukalamba wandidyera manambala.

"A Saidi, ya njingayi ikhoza kukudzutsani pansi, koma kukukwezani ayi. Mudzangoyandama pamwamba pa udzu, mitengo ya kumapeto kwa dambo lonyamukirapo ikubwera kumaso kwanu. Imeneyi ndi yoopsa kuposa injini yokana kulira, chifukwa yokanayo imakusiyani pansi muli moyo. Ikani ya galimoto."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanadabwe ngakhale pang'ono, ndipo ndi pamene ndinatsegula tsamba lotsatira la kope lija. Masamu anga onse anali momwemo, olembedwa ndi pensulo, yankho lake lomwelo.

"Mumadziwa kale."

"Ndimadziwa."

"Nanga mwandiitaniranji? Ndipo mwamangiranji ya njingayi?"

Anavula kofiya n'kuiyang'ana m'kati.

"Ya galimotoyo, kuti ikwane kulemera, ndinachotsa sitata, batire ndi gudumu lolemera lachitsulo la kumbuyo kwa injini. Ndiye imalizidwa ndi manja. Munthu amaima kutsogolo n'kupukusa pulopela. Koma wina ayenera kukhala pampando, phazi pa buleki, dzanja pa mafuta, chala pa switchi. Popanda ameneyo, injini ikagwira, ndege imayamba ndi amene waima kutsogolo kwakeyo."

Anabwezera kofiya kumutu.

"A Banda ndi amene anakhala pampando tsiku lija. Ndapempha apongozi anga, ndapempha anzanga a kumzikiti, ndapempha achimwene anga enieni. Aliyense akuti Inshallah. Ya njingayi ili ndi batani, aphunzitsi. Sifuna munthu."

Kenako anandifunsa, osandiyang'ana, ngati ndingabwere tsiku lina kudzakhala pampandopo. Ndege ili yomanga kumtengo, osapita kulikonse. Mphindi zisanu basi.

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Tiona."

Inu ndi ine tikudziwa tanthauzo la mawu amenewa. A Saidi nawonso akulidziwa. Anandithokoza chifukwa chobwera, anandipatsa mango m'jumbo, n'kundiperekeza mpaka pa munda wa chinangwa. Nditacheuka ndinawaona akukankha ndege ija okha kubwezera m'shedi, injini ya njinga ili pamphuno pake.

Ndinkaopa chiyani? Osati pulopela. Ndinkaopa pakamwa pa anthu. Ndinkadziona ndili pamaliro, azimayi akunong'onezana kuti mphunzitsi uyo ndi amene anamulimbitsa mtima. Ndinkaopanso chinthu chaching'ono kuposa pamenepo, chochititsa manyazi kuchilemba: kuti wakabaza uja adzauza anzake pa siteji kuti openga tsopano alipo awiri.

Tili ndi khalidwe limeneli kuno kwathu, ndipo timalitcha ulemu. Munthu akabwera ndi chinthu chimene sitinachionepo, sitimukaniza poyera, komanso sitimufunsa kuti chimayenda bwanji. Timaseka, kapena timamupempherera, kapena timati tiona. Zitatu zonsezi zimamusiya pomwe tamupeza. Zaka zisanu ndi zinayi, anthu a m'mudzimo akhala akumva phokoso la injini kuseri kwa chinangwa, ndipo a Saidi akuti kupatula a Banda palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsapo kuti phikoli ndi lalitali bwanji.

Ndipo timaganiza kuti tikamutalikira tikumuteteza. Timati akaona kuti ali yekha, asiya. Mkazi wawo akuganiza choncho, ndipo sindikuwadzudzula mayiwo, chifukwa amene angadzasale wamasiye ndi iwo, osati ine. Koma taonani chimene kutalikirako kwabala. A Saidi sanasiye. Angosankha injini imene sifuna munthu, yomwenso ndi imene ingawaphe.

Kodi ndi a Saidi okha? Ganizani za mayi amene akuyesa mbewu ya mpunga yachilendo pa kachigawo ka munda wake, anzake akuseka kuti wasowa chochita. Ganizani za kalipentala amene akuti bwato likhoza kupangidwa mwanjira ina. Akalakwitsa timati tinanena. Koma tinanena chiyani? Sitinanene kanthu. Tinangoima patali, manja m'thumba, kudikira kuti agwe. Munthu wopanda womutsutsa ndi manambala, wopanda womuuza kuti apa bawuti yachepa, amalakwitsa zinthu zimene anthu awiri akanaziona m'mawa umodzi.

Ine ndiye ndilibe pothawira. Ndinkauza ana m'kalasi kuti sayansi ndi kuyesa. Ndinkawalembetsa zimenezo m'makope, ndikuchonga ndi cholembera chofiira. Munthu woyamba kundipempha kuti tiyese limodzi, ndinamuyankha ngati wandale.

Lachitatu lonse ndinalibe mtendere. Ndinayesa kulemba nkhani ina, ya kukwera kwa mitengo ya minibasi, koma sinayende. Nyumba yanga ili zii chimwalirireni mayi a kunyumba, ndipo ndinazolowera. Tsiku limenelo zii wake anali wina. Ndinkangoona muvi wa sikelo utaima pa 48. Masana ndinatenga foni.

"A Saidi, mawa ndikubwera. Tsitsani ya njingayo."



"Alhamdulillah," anatero. "Mubwere ndi nsapato zotseka."

Lachinayi tinayamba ndi kunyamula injini ya galimoto ija. Makilo 70 si masewera kwa madala awiri, wina wa mawondo ngati angawa. Tinakoleka tcheni pa nthambi ya mango, kuikweza pang'onopang'ono, kukankhira ndege pansi pake. Mabawuti anayi anatidyera maola atatu. Ine ntchito yanga inali kugwira sipanala ndi kutukwanidwa mwaulemu ndikagwira mbali yolakwika. Tili pakati pa ntchito ndinawafunsa za chilolezo. Anati akudziwa kuti sangachoke pansi akuluakulu oyang'anira za ndege asanaione n'kuvomereza, ndipo kalata adzalemba akakhala ndi injini yoti aitchule m'kalatamo. Choyamba akufuna kungoiyendetsa pansi ku dambo, uku ndi uku, mpaka aidziwe.

Dzuwa litapendeka pang'ono, ndinakwera. Mpando wake ndi wothina, wopangidwira munthu wowonda. Anandionetsa buleki, kandodo ka mafuta, ndi switchi.

"Mukaona chilichonse chosakhala bwino, ngakhale mutangokayika, zimitsani. Musandifunse."

Anapita kutsogolo. Ndinkawaona kudzera pakati pa pulopela, atapinda malaya, miyendo atatangadza.

"Switchi?"

"Yayaka!"

Anapukusa. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Kachiwiri, chimodzimodzi. Kachitatu inabweza mwaukali, iwo n'kudumphira m'mbuyo akukupiza dzanja. Ine chala chinali chitazimitsa kale ndisanaganize n'komwe.

"Mwachita bwino!" anakuwa. "Yatsaninso!"

Kachisanu inagwira.

Abale, sindinamvepo chinthu chotero. Silinali phokoso lolira ngati la njinga lija. Linali lakuya, lokhazikika, lomveka m'chifuwa. Mphepo inandimenya kumaso, misozi n'kuyamba kuyenderera cha kumakutu. A Saidi anazungulira patali ndi pulopela, kupita kumchira kumene kunali sikelo, n'kundikwezera dzanja kuti ndionjezere. Ndinakankha kandodo. Ndege yonse inaweramira kutsogolo, chingwe chinalira, masamba a mango n'kuyoyokera kumbuyo ngati kwagwa mwera. Ndinapondetsa buleki. Anakwezanso dzanja. Ndinakankha mpaka kumapeto.

Atatsitsa dzanja ndinabweza, n'kuzimitsa. M'makutu munkangolira.

Anabwera akuyenda pang'onopang'ono, kope lili m'manja.

"112," anatero. "Yachepa ndi atatu. Mwina mapulagi."

Analemba nambalayo, n'kulemba tsiku. Kenako anandipatsa pensulo kuti ndisaine pambali pake, poti ndine mboni. Ndinasaina.

Nditatsika ndinaona kuti m'mphepete mwa munda wa chinangwa mwadzaza anthu. Azibambo, azimayi a makasu paphewa, ena ataimika njinga. A Saidi anawakodola ndi dzanja kuti afike. Mmodzi anabweza moni. Ena anaseka pang'ono n'kuyang'anana. Posakhalitsa anayamba kuchoka awiriawiri, mpaka panatsala chinangwa chokha.

Anaphika tiyi pa mbaula. Kapu yachiwiri anaitsuka kawiri, chifukwa munali mutalowa fumbi ndi kangaude. Tikumwa, anatulutsa foni n'kuimbira mkazi wawo ku Lilongwe, ndipo poti foni yawo ndi yokuwa, ndinamva zonse.

"Amayi, yalira. Ya galimoto ija. Yakoka 112. Aphunzitsi a Amina ali pompano, aona ndi maso."

Kenako mawu a mayi, otopa koma osakwiya.

"Mankhwala anu aja mukumwa?"

"Ndikumwa."

"Chabwino. Muwapatse moni aphunzitsiwo."

Foni inaduka. A Saidi anaiyang'ana kanthawi, n'kuibwezera m'thumba. Anandifunsa ngati shuga wakwana.

Kaya ndegeyo idzauluka, sindikudziwa. Mwina oyang'anira adzaikana, ndipo ngati ili ndi vuto limene ife awiri sitikuliona, adzachita bwino kuikana. Mwina idzangothamanga ku dambo mpaka mwini wake atakalamba. Chimene ndikudziwa n'chakuti injini yoyenera ili pamalo pake tsopano, ndipo siingalire popanda munthu wachiwiri.

Munthu wachiwiriyo pakadali pano ndi ine, wokhala ku Chia, ulendo wa minibasi ziwiri ndi kabaza, wa mawondo otupa ndi maso oyamba kuchita khungu. Ndawalonjeza kuti ndizibwera kawiri pamwezi. Masiku ena onsewo, injiniyo izikhala chete m'shedi, a Saidi atakhala pambali pake.

Inu a ku Liwaladzi, ndikudziwa kuti nyuzi ino imafika kumeneko. Simukupemphedwa kuuluka, kapena kukhulupirira kuti idzauluka. Pa anthu nonse munaima m'chinangwa muja Lachinayi, palibe mmodzi amene angaponde buleki mphindi zisanu?